Osauka si amene akutha chilengedwe, nde bwanji akulipira ndi iwo?

Ku India kunali miimba yosawerengeka, mamiliyoni makumimakumi, ndipo palibe amene ankailabadira. Mbalame yadazi, yodya zowola, palibe mlendo amene ankakwera ndege kukaijambula. Koma ng'ombe ikafa, paja kumeneko ng'ombe nzambiri ndipo anthu ochuluka sadya nyama yake chifukwa cha chipembedzo, ankangoikokera kunja kwa mudzi, miimba nkutera, pasanathe ola kwatsala mafupa okhaokha. M'zaka za m'ma 1990 alimi anayamba kubaya ziweto zawo mankhwala opha ululu otchedwa diclofenac, otchipa komanso othandizadi pa ng'ombe, koma muimba ukadya nyama ya ng'ombe yomwe inabayidwa mankhwalawa impso zimaleka kugwira ntchito, masiku ochepa wafa. Pa zaka zosakwana 15 mitundu itatu ya miimba inatha ndi 95 peresenti ndi kupitirira apo, mtundu wina mpaka 99.9 peresenti. Boma linadzaletsa mankhwalawa pa ziweto mu 2006 zinthu zitaonongeka kale.

Nde chinatsatira ndi chani? Mitembo ya ng'ombe inayamba kuwolera pamtetete, zowolazo kumalowa m'madzi omwe anthu amamwa, agalu opanda mwini anapeza chakudya cha ulele nkuswana kwambiri, chiwewe nacho chinakwera. Akatswiri awiri a zachuma, Eyal Frank ndi Anant Sudarshan, atafananitsa maboma omwe kunali miimba yambiri ndi omwe kunalibe kuyambira kale, anatulutsa zotsatira mu 2024 zoti pakati pa 2000 ndi 2005 anthu pafupifupi 500,000 anamwalira kuonjezera pa omwe akanamwalira miimba ikanakhalapo. Hafu miliyoni anthuni. Ndipo munthu amene amamwa madzi a m'botolo, amene ali ndi ndalama yothamangira kukabayitsa jakisoni galu akamuluma, ameneyo ali ndi pothawira. Amene amatunga kumtsinje alibe.

Pali maganizo ena ofala kwambiri oti zoteteza zamoyo zosiyanasiyana ndi za anthu okhuta, okonda njovu kuposa anthu, munthu wanjala asamatayirepo nthawi. Ndimamvetsa komwe maganizo amenewa akuchokera koma ndi olakwika. Chilengedwe chikagwa woyamba kuphwanyidwa ndi mmphawi. Chomwe chimandiwawa ine nchakuti dziko likati tsopano tichitepo kanthu tipulumutse chilengedwecho, woyamba kulangidwa amakhalanso mmphawi yemwe uja. Amalipira kawiri, pomwe amene akuononga zenizeni sakhudzidwa nkomwe. Ndipo njira yotereyi olo titaiwala za chilungamo, siikupulumutsanso nyama ndi mitengo yomwe ikuti ikuteteza.

Bungwe la IPBES, lomwe limasonkhanitsa asayansi a m'maiko ambiri kuti aunike mmene zamoyo zilili padziko, linanena mu 2019 kuti mwa mitundu pafupifupi 8 miliyoni ya zomera ndi nyama, 1 miliyoni ili pachiopsezo chotheratu. Nambala imeneyi inamveka paliponse. Lipoti lawo lina la 2022 silinatchuke chomwecho, koma kwa ine ndi lomwe likunena za anthu enieni: anthu amagwiritsa ntchito mitundu pafupifupi 50,000 ya zamoyo zakutchire, 70 peresenti ya anthu osauka padziko amadalira zamoyo zimenezi mwachindunji, ndipo anthu 2.4 biliyoni amaphikira nkhuni. Apa sitikunena za mikango ndi zipembere ayi. Tikunena nkhuni, uchi, bowa, udzu wofolera nyumba, zipatso, mizu yamankhwala, tinsomba ta m'madambo, nsungwi zolukira zogulitsa. Kwa banja lopanda kobiri ku banki, lopanda inshuwalansi, thengo ndiye nkhokwe ya chaka cha njala, mbeu zikakanika kumunda amathamangira komweko. Onjezerani apo njuchi, agulugufe, mileme ndi tizilombo tina tonyamula mungu, mitundu yoposa 75 peresenti ya mbeu zikuluzikulu zomwe dziko limalima imabereka bwino chifukwa cha timeneti, khofi, koko, zipatso zambiri. Mlimi wamkulu njuchi zikachepa amachita hayala ming'oma kubwera nayo pa malole, ku California amatero chaka chilichonse m'minda ya almond. Mlimi wa ekala imodzi amangoona zokolola zikutsika osadziwa chalakwika ndi chani.

Musaganize kuti zimachitika m'maiko osauka okha. Ku Newfoundland, Canada, nsomba zotchedwa cod zinadyetsa anthu zaka pafupifupi 500. Asodzi a timabwato ta m'mbali mwa nyanja anadandaula kwa zaka kuti nsomba zikuchepa, zomwe akugwirazo nzing'onozing'ono kusiyana ndi kale, koma zombo zikuluzikulu zokoka makoka pansi pa nyanja zinkapezabe nsomba chifukwa zili ndi makina ozisakira, nde akuluakulu anakhulupirira manambala a zombozo. Mu July 1992 boma linatseka usodziwu, anthu pafupifupi 30,000 ntchito inatha kamodzi nkamodzi. Anati atseka zaka ziwiri. Anadzatsegulanso mu 2024, ndipo nsombazo sizinabwererebe mmene zinalili. Mwini chombo ali ndi kwina kokasodza, wa kabwato mudzi wake ndi womwewo.

Tsopano mbali inayi, yomwe imachititsa anthu ambiri kuipidwa akangomva mawu oti kuteteza chilengedwe. Paki yoyamba ya mtundu womwe tikuudziwa lero ndi Yellowstone ku America, 1872, ndipo ganizo lake linali loti malo okongola azikhala opanda munthu wokhalamo. Koma anthu analimo, a Shoshone ndi mitundu ina omwe anasakamo zaka zikwizikwi, anawachotsa. Atsamunda ananyamula ganizo lomwelo kupita nalo ku Africa ndi Asia, mzungu akapha njovu ndi mfuti akuti masewera, mwini dziko akatchera msampha wa gwape akuti mbava. Amasai anawatulutsa mu Serengeti mu 1959 powauza kuti ku Ngorongoro akakhala mosavutitsidwa. Lero boma la Tanzania likuwasamutsanso ku Ngorongoro komweko kupita nawo ku Msomera, makilomita mazanamazana kutali, ndipo mu June 2022 ku Loliondo kunakhetsedwa mwazi, wapolisi mmodzi anaphedwa ndipo anthu ambiri anavulala ndi zipolopolo, pomwe boma linkadula masikweya kilomita 1,500 a malo odyetsera ng'ombe kuti akhale osungirako nyama, malo omwe kwa zaka zambiri kampani ya ku United Arab Emirates yakhala ikubweretsako alenje olemera.

Nkhani ya Abatwa ndi yomwe imandikhudza kwambiri. Mu 1991 Uganda inasandutsa nkhalango za Bwindi ndi Mgahinga kukhala mapaki pofuna kuteteza anyani akuluakulu aja otchedwa gorila. Abatwa anakhala m'nkhalangomo kuyambira makolo a makolo awo, akusaka tinyama, kufula uchi, kukumba zilazi zakutchire, malo awo opembedzera ali momwemo. Poti analibe minda yolima kapena chikalata cha malo, ambiri sanalandire chipukuta misozi chilichonse, chifukwa pamaso pa boma munthu amene salima ndiye kuti malowo si ake. Anatuluka kukamanga tizisakasa m'mphepete mwa minda ya anthu ena, kumagwira ganyu yolipidwa chakudya, ndipo munthu yemwe amadziwa dzina ndi ntchito ya mtengo uliwonse m'nkhalango muja akalowamo kukatenga mankhwala a mwana wake akhoza kumangidwa. Mu 2025 mlendo wakunja ankalipira madola 800 kuti akhale ola limodzi ndi magorila ku Uganda, ku Rwanda 1,500, pomwe Abatwa ena akupeza ya mchere povinira alendo omwewo. Khothi loona za malamulo oyendetsera dziko ku Uganda linagamula mu 2021 kuti anthuwa analakwiridwa. Ku Kenya Aogiek, anthu a m'nkhalango ya Mau, anawina mlandu ku khothi la Africa loona za ufulu wa anthu ku Arusha mu 2017, khothi linati boma silinaonetse umboni woti iwowo ndi amene anaononga nkhalango ya Mau, koma mu November 2023 alonda a boma anabweranso kudzagwetsa nyumba zawo ku Sasimwani. Kuwina mlandu kenako nkugona panja.

Mabungwe akuluakulu nawo sali oyera pa nkhaniyi. Mu 2019 atolankhani a BuzzFeed News anatulutsa nkhani zoti alonda a mapaki ena othandizidwa ndi bungwe loteteza chilengedwe la WWF ku Nepal ndi pakati pa Africa ankamenya, kuzunza ngakhale kupha anthu a m'midzi. Gulu loima palokha lotsogozedwa ndi Navi Pillay, yemwe kale anali mkulu woona za ufulu wa anthu ku United Nations, linapeza mu 2020 kuti ogwira ntchito a WWF sanatume zimenezi, koma m'malo angapo bungweli linkamva madandaulo osachitapo kanthu mokwanira.

Tsono tinene zoona zonse, osauka nawo amadula mitengo, amaotcha makala, amasodza ndi neti za udzudzu. Sindikubisa zimenezo, ku Africa nkhalango zambiri zikutha ndi makasu a alimi ang'onoang'ono. Koma akudulira ndani, ndipo anawasiyira njira yanji ina? Côte d'Ivoire yataya nkhalango zake zoposa 80 peresenti kuchokera 1960, gawo lalikulu ladyedwa ndi minda ya koko. Dziko limeneli pamodzi ndi Ghana limalima koko woposa theka la dziko lonse, koma kwa zaka zambiri mlimi wake wakhala akulandira pafupifupi 6 peresenti yokha ya mtengo wa chokoleti chomwe chili pa shelefu ku Europe. Mitengo ya koko ikakalamba, nthaka nkuguga, alibe ndalama ya feteleza olo ya mbande zatsopano, njira yotchipa ndi kulowa m'nkhalango kukatsegula munda wina pa dothi lachonde. Nkhwangwa ili m'manja mwake inde, koma phindu likukathera kwina.

Ku Amazon malo ambiri omwe adulidwa amasanduka odyetsera ng'ombe zanyama. Soya yemwe akumeza tchire la Cerrado ku Brazil sakupita m'mbale ya munthu wanjala, magawo atatu mwa anayi a soya wa dziko lonse amadyetsa nkhuku, nkhumba ndi ziweto zina. Ku Mauritania, Senegal ndi Gambia kwabwera mafakitale ogaya tinsomba ta sardinella, ndiwo ya anthu wamba, kupanga ufa ndi mafuta okadyetsera nsomba za salmon ndi nkhumba ku Europe ndi Asia. Lipoti la Greenpeace Africa ndi Changing Markets la 2021 linati matani oposa 500,000 pachaka amapita uko, okwanira kudyetsa anthu 33 miliyoni. Amayi omwe moyo wawo wonse amawamba ndi kugulitsa nsombazi akupikisana mtengo ndi fakitale padoko, sangakwanitse, ndipo anyamata omwe abambo awo anali asodzi akukwera mabwato omwewo kulowera ku zilumba za Spain zotchedwa Canary Islands, ena osafika.

Chopweteka kwambiri nchoti zambiri mwa izi maboma amazilipirira. Masabuside a usodzi padziko amakwana madola pafupifupi 35 biliyoni pachaka, ndipo 22 biliyoni mwa imeneyi imapita ku zinthu zoonjezera mphamvu yosodzera monga mafuta otchipa, zambiri kwa zombo zikuluzikulu zomwe zina sizikanapanga phindu popanda thandizoli. Nde tikamagwira mnyamata yemwe wapezeka ndi khwekhwe la waya nkumupatsa zaka m'ndende, kwinaku msonkho ukugula mafuta a chombo chomwe chikukokolola chilichonse pansi pa nyanja, tisanamizane kuti tikuteteza chilengedwe.

Njira ina ilipo, ndipo si yongolota, yayesedwa kale pa malo akuluakulu. Ku Niger, chigawo cha Maradi, m'zaka za m'ma 1980 chilala chitavuta, mapulojekiti odzala mitengo ankalephera, mbande zambiri zimangouma. Tony Rinaudo, katswiri wa zaulimi wa ku Australia, anazindikira kuti tizitsamba tomwe alimi ankatema chaka ndi chaka pososa minda si tchire wamba, ndi mphukira za zitsa za mitengo yomwe mizu yake ikadali yamoyo pansi. Umangosankha mphukira ziwiri zitatu zamphamvu pa chitsa, zinazo nkusadza, kuteteza ku mbuzi, pakatha zaka zochepa uli ndi mtengo. Luso lake ndi losavuta chonchi basi, ndipo alimi ena ankalidziwa kale. Nanga bwanji sankachita? Chifukwa malamulo omwe anasiya atsamunda a ku France ankati mitengo ndi ya boma olo ili m'munda mwako, ukadula nthambi a zankhalango akutchaja faindi. Mtengo unali mlandu, nde munthu wanzeru ankauchotsa ukadali waung'ono. Kukakamiza malamulowa kutafooka, alimi atayamba kuona kuti mtengo ndi wawo, zinthu zinatembenuka, mahekitala pafupifupi 5 miliyoni abiriwiranso, mitengo pafupifupi 200 miliyoni yomwe palibe pulojekiti inaidzala. Nkhuni zili pafupi amayi sakuyendanso tsiku lonse, nyemba za mtengo wa nsangu womwe kumeneko amautcha gao zikudyetsa ziweto m'chilimwe, mchewere ukubereka bwino pansi pake. Anthu ake ndi omwe aja, umphawi womwe uja. Chinasintha ndi mwini mtengo.

Nepal inaona zofanana. Boma linalanda nkhalango zonse mu 1957, anthu anaona kuti si zawonso ndipo zinatha. Lamulo la 1993 linazibweza m'manja mwa magulu a m'midzi, pano alipo oposa 22,000, ndipo nkhalango zinakwera kuchoka pa 26 peresenti ya dziko mu 1992 kufika 45 peresenti mu 2016. Kupita kwa achinyamata kukagwira ntchito kunja kunathandizirako chifukwa minda ina inasiyidwa, komabe kafukufuku wa 2019 anapeza kuti komwe kuli magulu amenewa kudula mitengo kunatsika kwambiri ndipo umphawi nawo unatsikako pang'ono. Ziwiri zonse nthawi imodzi, zomwe timauzidwa kuti sizingatheke.

Koma yomwe ndimaikonda ndi ya ku Mamirauá, Brazil. M'nyanja za m'mphepete mwa mtsinje wa Amazon muli nsomba yotchedwa pirarucu, imatha kutalika mamita atatu nkulemera makilogalamu 200, ndipo inatsala pang'ono kutha. Nsombayi imapuma mpweya ngati ife, mphindi 15 kapena 20 zilizonse imatulukira pamwamba pa madzi. Asodzi a kumeneko ankanena kuti iwo amatha kuiwerenga pongokhala chete m'bwato, kuona ndi kumvetsera mmene yaswera madzi, amadziwa kuti iyi ndi yaikulu, iyi ndi yaing'ono, iyi ndi yomwe ija inatuluka apo. Wasayansi wina, Leandro Castello, m'malo mowaseka anayesa, anafananitsa kuwerenga kwawo ndi njira ya asayansi yogwira nsomba nkuziika chizindikiro, manambala anagwirizana. Kuyambira 1999 midzi imalondera nyanja zake usana ndi usiku mosinthana, imawerenga nsomba chaka chilichonse, ndipo boma limaloleza kupha zosapitirira 30 peresenti ya zikuluzikulu zomwe zawerengedwa. Pa malo oyamba kuyesera, nsomba zinachoka pa 2,000 ndi kanthu kufika 20,000 pa zaka 8, asodzi ndalama zinakwera, ndipo poti nyanjazo zikulonderedwa, akamba ndi nsomba zina zinapindula nawo. Taonani apa, palibe amene anauza asodziwa kuti akonde nsomba kuposa ana awo. Anangowapatsa chifukwa chomveka chosiyira nsomba ya chaka chamawa m'madzi, podziwa kuti adzaipha ndi iwo osati mlendo wa boti la injini.

Namibia mu 1996 inasintha lamulo nkupatsa midzi ufulu pa nyama zakutchire za m'dera lawo, pano kuli madera 86 oterowo okwana pafupifupi 20 peresenti ya dziko, njovu zachuluka kuposa kawiri ndipo zipembere zakuda zikuyenda momasuka kunja kwa mapaki. Katswiri wina wa ku America, Elinor Ostrom, analandira mphoto ya Nobel mu 2009 chifukwa choonetsa zomwezi, kuti anthu amatha kusamala chuma cha onse ngati malire akudziwika, malamulo akupanga okha, akulondera okha, ndipo boma likuwazindikira. IPBES inapezanso kuti gawo limodzi mwa anayi a nthaka ya dziko lili m'manja mwa eni nthaka akalekale, ndipo m'malo amenewo chilengedwe chikuonongeka pang'onopang'ono kusiyana ndi kwina. Ku Brazil zithunzi za satelayiti zomwe gulu la ofufuza la MapBiomas linaunika zikuonetsa kuti pa zaka 30 malo a eni nthaka anataya 1 peresenti yokha ya zomera zachilengedwe, pomwe malo a anthu ndi makampani anataya 20 peresenti. Ndipo akulipira ndi miyoyo. Chico Mendes, wokolola labala m'nkhalango ku Acre, anaomberedwa pakhomo pake ku Xapuri mu December 1988 chifukwa chotsekereza oweta ng'ombe. Bungwe la Global Witness lawerenga anthu oposa 2,000 ophedwa poteteza malo ndi chilengedwe pakati pa 2012 ndi 2023.

Sindikunena kuti ukangopereka nkhalango kwa mudzi ndiye zonse zayera. CAMPFIRE, ndondomeko ya ku Zimbabwe yoti midzi izipindula ndi nyama zakutchire, yomwe inayamba m'zaka za m'ma 1980 inali ndi ganizo labwino, koma ulamuliro unathera ku makhonsolo osati kumidzi, ndalama zambiri zinkatsakamira komweko. M'midzi momwemo muli mafumu ogulitsa malo mwamseri, muli makomiti a amuna okhaokha pomwe otola nkhuni ndi amayi. Ndalama za alendo nazo nzosadalirika, Covid itabwera mu 2020 zinangoduka. Ndipo pali malo omwe mlonda wa mfuti akufunikadi. Magorila a m'mapiri apitirira 1,000 chifukwa pali anthu owalondera tsiku lililonse, ku Virunga ku DR Congo alonda oposa 200 aphedwa pa ntchito, ana a anthu osauka nawonso. Magulu ozembetsa nyanga za chipembere ndi minyanga ya njovu sungawaletse ndi msonkhano wa pamudzi. Zonsezi ndikuvomereza. Koma amene amadziwa kuti usiku wathawu kwafika alendo a mfuti ndi anthu a m'mudzimo, ndipo amakanena pokhapokha ngati nyamayo ili ndi phindu kwa iwo komanso ngati mlondayo si yemwe uja anamenya mlongo wawo atamupeza ndi mtolo wa nkhuni.

Kukhala moyandikana ndi njovu si nkhani ya pa TV. Usiku umodzi zimatha munda wa chaka chonse, ku India zimapha anthu pafupifupi 500 pachaka. Botswana ili ndi njovu pafupifupi 130,000, ndipo mu 2024 Germany itafuna kukhwimitsa malamulo olowetsa ziwalo za nyama zosakidwa, pulezidenti wa nthawiyo Mokgweetsi Masisi ananena kuti awatumizira njovu 20,000 akakhale nazo aone. Ine kusaka nyama kwa masewera sikundisangalatsa, koma amene akufuna kukuthetsa abwere ndi ndalama yolowa m'malo mwa yomwe midzi imalandira, osati pepala losainitsa pa intaneti. Ngati dziko lonse likufuna njovu zikhalepo, dziko lonse lisenze nawo mtolowo, chipukuta misozi cha munda woonongedwa chizifika mwachangu komanso chokwanira, osati patatha zaka mwini munda atasiya kale kulondola.

Apa tafika pa ndalama. Pangano la zamoyo zosiyanasiyana linasainidwa ku Rio de Janeiro mu 1992, America mpaka lero sinalivomereze. Mu 2010 ku Japan maiko anagwirizana zolinga 20, pofika 2020 panalibe olo chimodzi chokwaniritsidwa chonse. Mu December 2022 ku Montreal anagwirizana zatsopano: kuteteza 30 peresenti ya mtunda ndi nyanja pofika 2030, kupeza madola 200 biliyoni pachaka, maiko olemera kupereka 20 biliyoni pachaka kwa osauka pofika 2025 ndi 30 biliyoni pofika 2030, komanso kuchepetsa masabuside oononga ndi 500 biliyoni pachaka. Yerekezani nokha manambala awiri omalizawo, ndalama yomwe avomereza okha kuti ikulipirira chionongeko ndi yoposa kakhumi yomwe alonjeza osauka. Ku Cali, Colombia, mu 2024 kunatuluka zabwino ziwiri, eni nthaka anapatsidwa nthambi yawo yokhazikika m'panganoli, komanso kunakhazikitsidwa thumba loti makampani a mankhwala, zodzola ndi mbeu omwe amapindula ndi ma jini (DNA) a zamoyo aziponyamo 1 peresenti ya phindu kapena 0.1 peresenti ya zonse zomwe agulitsa, theka lake lizipita kwa eni nthaka ndi midzi. Koma palibe chowakakamiza kuponyamo. Nkhani ya ndalama itafika povuta nthumwi zambiri zinali zitanyamuka kale kukakwera ndege, msonkhano unaimitsidwa mpaka February 2025 ku Rome.

Thumba limeneli si chifundo ayi, ndi ngongole. Kuchokera ku kaduwa ka ku Madagascar, kampani ya Eli Lilly inapanga vincristine ndi vinblastine, mankhwala omwe apulumutsa ana ambirimbiri odwala khansa ya m'magazi, ndipo Madagascar sinaonepo gawo la phindu lake. Ku South Africa zinatenga zaka zambiri zokambirana kuti mu 2019 makampani a tiyi wa rooibos avomere kupereka 1.5 peresenti ya mtengo wogulira kumunda kwa Akhoi ndi Asan, eni nthaka akalekale, omwe nzeru yake inachokera kwa iwo. Nzochepa, koma zikuonetsa kuti nzotheka lamulo likakhala kumbuyo kwake.

Olo ndalama yomwe yaperekedwadi, imafika kuti? Ku Glasgow mu 2021 maboma ndi mabungwe ena analonjeza madola 1.7 biliyoni othandizira eni nthaka ndi midzi kuteteza malo awo. Operekawo anadzavomera okha kuti chaka choyamba 7 peresenti yokha ndi yomwe inafika mwachindunji ku mabungwe a anthuwo. Yotsalayo imadutsa m'mabungwe akuluakulu, aliyense nkutapako za ofesi, magalimoto, akatswiri obwera pa ndege ndi misonkhano ya m'mahotela, chifukwa akuti anthu akumudzi sangathe kusunga ndalama. Anthu omwe asunga nkhalango zaka mazanamazana popanda wowalipira akuuzidwa kuti aphunzire kaye kulemba lipoti mu Chingelezi. Ngati vuto ndi la kawerengedwe ka ndalama, lembani akauntanti akhale pamudzipo, nzotchipa kusiyana ndi mzere wonse wa apakatiwo.

Lipoti la 2024 linaonetsa kuti malo otetezedwa afika 17.6 peresenti pamtunda ndi 8.4 peresenti m'nyanja. Kuti 30 ikwane pamtunda pakufunika malo ena akulu ngati Brazil ndi Australia kuphatikiza, pa zaka zochepa zomwe zatsalazi. Malo amenewo si opanda anthu, ndipo mapu ake akujambulidwa panopa m'maofesi a m'malikulu a maiko. Pangano la ku Montreal lili ndi mawu olemekeza ufulu wa eni nthaka ndi midzi, koma mawu pa pepala sanaletse zomwe zinachitika ku Sasimwani patangotha miyezi 11. Nde ine ndikupempha zinthu zooneka. Chikalata cha malo cha mudzi chituluke mpanda usanamangidwe. Nkhalango ndi nyanja zomwe anthu akusamala kale ziwerengedwe pa 30 peresenti ija anthuwo ali momwemo, akufula uchi wawo, akusodza motsatira malamulo omwe apanga nawo. Nthumwi zikamakumananso pa msonkhano wotsatira wa panganoli, dziko lililonse lolemera linene poyera sabuside yomwe ladula ndi ndalama zake. Ndipo boma lililonse lomwe likufuna ndalama zokulitsira mapaki lisalandire kanthu mpaka litatsatira zigamulo zomwe zilipo kale, cha Aogiek cha 2017, cha Abatwa a ku Uganda cha 2021, ndi cha komishoni ya Africa ya ufulu wa anthu chomwe chinatuluka mu 2024 chonena kuti Abatwa omwe anathamangitsidwa ku Kahuzi-Biega ku DR Congo m'zaka za m'ma 1970 abwezeredwe malo awo.